Matchona a ku Halale: Mabanja Amene Analibe Mudzi Wothawirako

Pamene boma la Zimbabwe linayamba kugwetsa nyumba m'matauni mu May 2005, pa ntchito imene linaitcha Murambatsvina, anthu ankauzidwa mawu amodzimodzi kulikonse, oti aliyense abwerere kumudzi kwawo. Kwa Mshona wa ku Mbare lamuloli linali lankhanza koma lomveka, poti kumudziko kunalidi, kunali amfumu omudziwa ndiponso manda a makolo ake. Koma pakati pa anthu pafupifupi 700,000 amene lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya bungwe la United Nations, linati anataya nyumba kapena popezera ndalama, panali mabanja ambiri a kwa Phiri, a kwa Banda, a kwa Mbewe ndi a kwa Mwale, amene agogo awo anachokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, pomwe eniakewo anali asanapondeko ku Malawi chibadwire. Nkhani ya mabanja amenewa imakambidwa kawirikawiri ngati tsoka la zaka zochepa za chipwirikiti, kuyambira 2000 mpaka 2008, ngati kuti zonse zinali bwino kufikira tsiku limene ndale zinasokonekera. Mbiri ikukana zimenezo. Kwa zaka pafupifupi 100, nyumba, sukulu, chipatala, manda ndi chitupa cha banja la mlendo zinapachikidwa pa msomali umodzi, womwe unali ntchito ya bambo, ndipo maboma onse okhudzidwa, la atsamunda, la Zimbabwe ndi la Malawi, anaona kuti n'zowakomera kuzisiya choncho. Chipwirikiti cha 2000 chinangozula msomaliwo.

Ulendo wa ku Halale unayamba ndi msonkho. Atsamunda atakhazikitsa msonkho wa nyumba ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1890, mwamuna anayenera kupeza ndalama m'dziko limene ntchito yolipira bwino munalibe, pomwe kumwera migodi ya golide ndi minda ya azungu zinkalira anthu. Amuna ankanyamuka m'magulu, wapansi, kudutsa ku Tete, kuwoloka Zambezi, n'kukalowa Southern Rhodesia cha ku Mutoko, ndipo ena ankathera m'njira ndi njala, matenda kapena zilombo. Mnyamata Kamuzu Banda anadutsa njira ya kumwerayi n'kukagwira ntchito pachipatala cha ku Hartley, komwe lero ndi Chegutu, asanapitirire ku Joni. Clements Kadalie naye anagwirako ntchito pamgodi wa Shamva asanakayambitse bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Pofika 1935 komiti ya boma la Nyasaland yofufuza za anthu opita kunja inayerekeza kuti amuna okwana 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo inadandaula kuti ambiri sankabweranso. Awa ndiwo ankatchedwa matchona. Mapangano a 1936 ndi 1947 pakati pa Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia anafuna kukonza zimenezi: gawo la malipiro a mwamuna lizisungidwa kuti akalandirire kwawo, ndipo pakatha nthawi yoikika azibwerera. Malole a Ulere ankanyamula anthu osalipiritsa, bungwe la Mthandizi linkalemba ntchito m'midzi. Cholinga chinali chosabisika: Rhodesia ipeze mphamvu za munthu ali mnyamata, koma za kulera ana ake, kumusamala akadwala ndi kumuika m'manda akamwalira, zimenezo zikhale za mudzi wa ku Nyasaland.

Anthu sanatsatire dongosololi, ndipo mabwanawo ndiwo anayamba kuliphwanya. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, fodya wa Virginia anakwera mtengo ndipo minda ya ku Mashonaland, cha ku Mazowe, Bindura, Mvurwi, Karoi ndi Marondera, inafuna anthu okhazikika, odziwa kuwotcha fodya m'mabani ndi kumusankha, osati obwera chaka chino n'kuchoka chaka chamawa. Ashona ambiri ankaikana ntchito ya pafamu chifukwa anali ndi kamunda kawo m'madera amene anawasiyira, kotero kuti m'zaka za m'ma 1950 oposa theka la ogwira ntchito m'minda ya azungu anali ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Mlimi anazindikira msanga kuti mwamuna wokhala ndi mkazi ndi ana sathawa, ndiponso kuti mkaziyo ndi anawo adzapalira, adzathyola ndi kusankha fodya pamtengo wotsika. Lamulo la 1958 lochepetsa alendo ofuna ntchito m'matauni akuluakulu linakankhiranso ambiri kumafamu ndi kumigodi. Umu ndimo komboni inasandukira mudzi wa mabanja, koma mudzi wachilendo, wopanda nyakwawa. Mwini famu ndiye ankagawa phoso, kupereka malo omangapo nyumba, kulola kapena kukana kuti pakhale sukulu, kuweruza milandu ya m'banja kudzera mwa kapitawo, ndi kusonyeza pakona ya munda pomwe angaikepo maliro. Bambo akachotsedwa ntchito, banja lonse linkachotsedwa pamodzi naye, n'kusiya manda a ana awo m'munda wa eni.

Pali chinthu china chimene ofotokoza nkhaniyi mwandale amachilumpha, chikhalirecho ndicho chinapweteka kwambiri ana obadwira kumeneko. Ambiri mwa amuna amene anapita ku Rhodesia anali Achewa, Ayao, Amang'anja ndi Alomwe, anthu amene mwana amakhala wa mbumba ya mayi ake, munda amaupeza kuchikazi, ndipo womuyankhulira pa milandu ndi malume ake. Amunawa anakakwatira akazi achishona, kumene mwana ndi wa bambo, amatenga mtupo, kapena kuti mfunda, wa bambo, ndipo malo amapatsidwa kumudzi kwa bambo. Mwana wa ukwati wotere akapita kwa amayi ake, ankalandiridwa ngati mdzukulu wokondedwa koma wopanda gawo, n'kuuzidwa kuti kwawo ndi kwa atate ake. Akanati afike ku Dedza kapena ku Machinga, azakhali ake akanamulandira ndi nkhuku, koma pankhani ya munda akanamukumbutsa mwaulemu kuti kwawo ndi kwa amake. Miyambo iwiriyi, uliwonse pawokha, imaonetsetsa kuti mwana asasowe pokhala. Itakumana mwa mwana mmodzi inamusiya pabwalo. Atumbuka ndi Angoni a kumpoto, amene amalowola ndipo ana amatsata bambo, vutoli silinawakhudze chimodzimodzi, ngakhale nawonso munda wa munthu amene wachoka zaka 40 sukhala ukumudikira.

Tisaganize kuti mabanjawa ankangokhala mwachisoni. Anamanga moyo wawo, ndipo anaumanga mwaluso. Gule wamkulu anavinidwa m'makomboni ndi m'migodi mpaka Ashona anamuzolowera n'kumutcha zvigure, ena akumuopa, ena akumunyoza. Ayao anamanga mizikiti ndi kuvinira ana awo, beni anamveka m'matauni a migodi, ndipo mabungwe othandizana pamaliro anagwira ntchito imene kumudzi amagwira adzukulu ndi abale. Mpingo umene unayamba mu 1912 potumikira anthu ochokera ku Nyasaland unakula mpaka kukhala sinodi ya CCAP ya Harare. Aliyense womvera nyimbo za sungura amadziwa kuti Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, ana a m'mafamu a ku Mashonaland amene magwero awo ndi a ku Malawi, amaponyamo Chichewa m'nyimbo zawo, ndipo Benjani Mwaruwari, amene anasewerera Manchester City n'kukhalanso kaputeni wa timu ya dziko la Zimbabwe, ndi mwana wa makolo ochokera ku Malawi. Koma dambwe linali m'nkhalango ya mwini famu, bwalo la mpira linali la kampani ya mgodi, ndipo mgodi ukatsekedwa, monga anachitira wa Kamativi mu 1994 ndi wa Mhangura cha m'ma 2000, madzi a m'mipope, magetsi ndi chipatala zinkatsekedwa nawo limodzi.

Funso loyamba limene anthu amafunsa ndi lakuti, nanga bwanji sanabwerere kwawo zinthu zisanafike poipa? Funsoli limaiwala kuti kwa zaka pafupifupi 20 njira ya kwawoyo inali yotseka kapena yoopsa. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatha kumapeto kwa 1963, Malawi inalandira ufulu mu 1964, ndipo mu November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wake wa azungu okhaokha. Munthu amene dzulo ankayenda m'dziko limodzi anadzuka ali mlendo. Nkhondo ya FRELIMO itafika m'chigawo cha Tete, kenako Mozambique n'kutseka malire ake ndi Rhodesia mu March 1976, msewu wakale uja unafa. Itangotha nkhondo ya Zimbabwe, ya RENAMO inakula, ndipo magalimoto ankadutsa ku Tete pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali mpaka mtendere wa 1992. Makalata anasiya kufika, makolo kumudzi anamwalira osadziwitsidwa, ndipo ana amene anabadwa mu 1965 anafika pokwatira asanaonepo azakhali awo. M'kati mwa nkhondo ya ufuluyo mabanja a m'makomboni anali pakati pa moto uwiri. Asilikali a Smith ankawaganizira kuti akudyetsa zigawenga usiku, omenyera ufulu ankawaganizira kuti ndi maso a mzungu, ndipo ubale wa Dr. Banda ndi boma la tsankho la South Africa komanso Apwitikizi unachititsa kuti dzina loti Mmalawi lisamveke bwino m'makutu a omenyera ufuluwo.

Ufulu wa 1980 unabweretsa malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi lamulo, ndipo bungwe la ogwira ntchito m'minda la GAPWUZ linayamba kuwayankhulira, koma maziko a moyo wa pakomboni sanakhudzidwe. Boma latsopano linamanga sukulu ndi zipatala zambiri m'madera a kumidzi, kumene kunali mavoti ake, n'kusiya mafamu m'manja mwa eni ake ngati kale. Ogwira ntchito m'mafamu sankaloledwa kuvota pa zisankho za makhonsolo a m'madera awo mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, chifukwa sanali eni malo kapena olipira msonkho wa malo. Lamulo la unzika la 1984 linaletsa kukhala nzika ya maiko awiri n'kulamula kuti amene ali ndi unzika wina aukane polemba, koma nkhaniyi inafika mochepa m'makomboni momwe ambiri sankadziwa kuwerenga. Ana ankabadwira m'nyumba za pafamu, kutali ndi ofesi yolembetsa, ndipo mayi wopanda chitupa sakanatha kutengera mwana wake kalata ya kubadwa, mwana wopanda kalatayo ankavutika kulemba mayeso a giredi 7, ndipo iyenso akakula ankabereka ana opanda makalata. Amene anapeza chitupa ankachipeza cholembedwa kuti ndi mlendo, ngakhale iye ndi amayi ake anabadwira m'dzikomo.

Mu February 2000 anthu anakana malamulo atsopano oyendetsera dziko amene boma la a Robert Mugabe linabweretsa pa riferendamu, ndipo pa chisankho cha June chipani cha MDC, chimene chinali chisanathe chaka, chinatenga mipando 57 mwa 120. Chipani cholamula chinakhulupirira kuti azungu a m'mafamu ananyamula antchito awo pamathirakitala kukavotera otsutsa. Kulanda mafamu kunayamba masabata omwewo riferendamu itangotha. Dziko lonse lapansi linaona zithunzi za alimi achizungu, amene anali pafupifupi 4,500, akuthamangitsidwa m'nyumba zawo. Ochepa anawerenga za antchito oposa 300,000, amene pamodzi ndi mabanja awo ankayandikira 2 miliyoni, ndipo mwina mmodzi mwa anayi alionse anali wa magwero akunja. Kafukufuku wa Lloyd Sachikonye wa 2003 anapeza kuti ambiri mwa iwo anali atataya ntchito, ndipo amene anapatsidwako malo sanafike 5 pa 100 alionse. Wantchito wachishona anatenga katundu wake n'kupita kumudzi. Wa kwa Phiri anatsala m'komboni ya famu imene tsopano inali ndi eni atsopano, kapena anakamanga chisakasa m'mbali mwa msewu, kapena anapita kukakumba golide m'mitsinje, kapena anathawira ku Epworth, ku Hatcliffe ndi ku Porta Farm, kumene Murambatsvina anadzamupeza patapita zaka zisanu. Sukulu za pafamu zinatsekedwa, atsikana ambiri anakwatiwa asanakhwime, ndipo zonsezi zinachitika Edzi ili pachimake. Ndalama zochepa za penshoni zimene okalamba anasunga zinadyedwa ndi kugwa kwa ndalama ya dzikolo, kumene kunafika poti boma lisindikize pepala limodzi la madola 100 thiriliyoni.

Lamulo la 2001 ndilo linamaliza. Linati aliyense amene ali ndi unzika wa dziko lina aukane motsatira malamulo a dziko linalo, m'miyezi isanu ndi umodzi, apo ayi wataya unzika wa Zimbabwe, ndipo mkulu wa kalembera, Tobaiwa Mudede, analitanthauzira kuti likukhudza ngakhale munthu amene angathe kungopempha unzika winawo chifukwa cha kumene kholo lake linabadwira. Chisankho cha pulezidenti cha March 2002 chinali pafupi, ndipo cholinga sichinali chovuta kuchiona. Nkhani imene inamveka kunja inali ya Judith Todd, mwana wa nduna yaikulu yakale Garfield Todd, amene anauzidwa kuti akane unzika wa New Zealand umene sanautengepo. Iyeyo anali ndi maloya, ndipo kunja kunali dziko lokonzeka kumupatsa pasipoti. Mayi wosankha fodya ku Mvurwi anayenera kupeza ndalama ya basi yopita ku Harare, kukaima pa ofesi ya kazembe wa Malawi, n'kukana unzika umene Malawiyo sinkaudziwa, poti dzina lake silinali m'buku lililonse la ku Lilongwe. A Mugabe anali atanyoza kale anthu a ku Mbare pamsonkhano kuti ndi opanda mtupo, ndipo mayina achipongwe monga mabhurandaya ndi mabwidi, amene kale ankamveka pamowa, tsopano anali ndi mphamvu ya boma kumbuyo kwawo. Lamuloli linafewetsedwa mu 2003 kwa ana a anthu ochokera m'maiko a SADC amene anabwera kudzagwira ntchito, koma chisankho chinali chitadutsa.

Pali chitsutso cholemera chimene sichiyenera kupeputsidwa. Malowo analandidwa ndi mfuti m'zaka za m'ma 1890, lamulo la 1930 linapatsa azungu ochepa pafupifupi theka la dziko, pangano la Lancaster House lothetsa nkhondo ya ufulu linamanga manja boma latsopano kwa zaka khumi, ndipo anthu anafera nthakayo. Wina anganene kuti pobweza malo kwa eni ake sipakanalephera kukhala ovulala, ndipo kuti antchitowo anasankha okha mbali pamene ena a iwo anatchinjiriza mabwana awo. Zoti malo anayenera kugawidwa n'zoona, ndipo mabanja oposa 100,000 amene analandira minda yaing'ono si nthano. Koma chilungamo cha kugawa malo sichikufotokoza chifukwa chimene munthu amene analima munda womwewo zaka 40, wodziwa dothi lake kuposa wina aliyense, sanawerengedwe pogawapo. Mwa anthu onse akuda a m'dzikolo, iyeyu ndiye analibiretu malo, ndipo ndiye anadyeredwa kwambiri masuku pamutu ndi dongosolo limene ankati akuligwetsa. Kunena kuti anasankha mbali ya mzungu n'kuyesa dala kuti panali mbali ina yomuitana. Munthu amene denga lake, phoso la ana ake ndi manda a mkazi wake zili m'manja mwa bwana mmodzi, akamateteza famu amakhala akuteteza nyumba yake, ndipo amene anamuika m'malo otero ndi maboma omwewo amene anadzamuimba mlandu wa kusakhulupirika.

Malawi nayo ili ndi gawo lake pamlanduwu. Kwa zaka zambiri boma la ku Zomba, kenako la ku Lilongwe, linkawerengera ndalama zochokera kwa anthu ake a kunja ngati gawo la chuma cha dziko, koma silinasunge kaundula wa ana awo, ndipo lamulo lake la unzika la 1966 nalo linkakana unzika wa maiko awiri. Pamene Amalawi anazunzidwa ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015, boma linatumiza mabasi kukawatenga, ndipo zinatheka chifukwa amenewo anali ochoka dzana, odziwa mudzi wawo, mfumu yawo ndi basi yokafika pakhomo. A ku Zimbabwe sakanathandizika ndi basi. Ankafunika boma lowayankhulira kwa mnzake wa mu SADC kuti awapatse unzika ndi malo kumene anabadwira. Mawu oterowo sanamveke mokweza. Mu May 2006, chaka chimodzi chokha chichitikire Murambatsvina, boma la a Bingu wa Mutharika linalandira a Mugabe ndi ulemu waukulu n'kutcha dzina lawo msewu wa Midima, wochoka ku Limbe kupita ku Mulanje, ngakhale mabungwe ena omenyera ufulu wa anthu anatsutsa.

Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 anavomereza kuti munthu wobadwira m'dzikolo, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye akukhalabe momwemo, ndi nzika mwa kubadwa, ndipo mu 2017 khothi lalikulu linalamula kuti a zitupa zolembedwa kuti mlendo aloledwe kulembetsa mavoti. Ena amati nkhani inathera pamenepo. Koma lamulo limafuna umboni wa kubadwa, ndipo umboniwo ndi umene mibadwo itatu sinaupeze. Lipoti la Amnesty International la 2021 linapezabe anthu ambiri a magwero amenewa opanda chikalata chilichonse. Za malo sizinasinthe. Ulimi wa fodya unadzukanso m'manja mwa alimi atsopano, ndipo luso lowotcha ndi kusankha fodyayo likuchokerabe m'makomboni akale, kumene mabanja ambiri amaloledwa kukhala pokhapokha azigwira ganyu kwa mwini munda watsopano, dongosolo limene agogo awo a ku Thyolo ndi ku Chiradzulu akanalizindikira msanga kuti ndi thangata. Kumapeto kwa 2018 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza unzika wa maiko awiri, koma wofuna kupindula nawo ayenera kusonyeza kuti kholo lake linali Mmalawi, pomwe Malawi inayamba kupereka zitupa za unzika kwa anthu ake onse mu 2017, agogo amene anakwera lole ya Ulere mu 1950 atagona kale m'manda a pafamu ku Karoi.